Dzina la Mwana wa a Kachingwe

Kalekale, koma osati kale la agogo, kale la dzana lomweli mafoni atafika kale kumidzi, panali ana atatu a mimba imodzi: Lonjezo, mlongo wake Tiyanjane ndi chitsiriza wawo Ganizani. Onse ankagwira ntchito kwa mayi Nachisale, eni makina ofufuzira zinthu pafoni. Munthu ukalemba funso, makinawo ankasanthula m'kaundula wamkulu wa masamba n'kukupatsa yankho. Ntchito ya atatuwa inali kulawa kaundula watsopano asanapite kwa anthu, monga wophika amalawira mchere alendo asanasambe m'manja.

Chaka china kaundula watsopano anatuluka wonenepa, masamba ochuluka kuposa wakale. Mayi Nachisale anakondwa mpaka kuitana alendo ndi kuphikitsa mpunga kuti amutulutse Lachisanu masana.

Lonjezo, munthu woti ngakhale mtedza wa m'mbale amayamba wauwerenga, sanaombe nawo m'manja. Anayerekeza kaundula watsopano ndi wakale dera ndi dera, ndipo anapeza kuti kudera la Mwalawanjuchi masamba khumi ndi asanu ndi awiri asowa. "Ng'ombe zachuluka, inde," anatero, "koma khola limodzi lathyoka."

Tiyanjane analibe nazo ntchito nambala. Iye ankatola mafunso m'minibasi ndi kuchigayo, momwe anthu amafunsiradi. Atamva za m'bale wake, anafunsa makinawo ngati munthu wa ku Mwalawanjuchi: mayi wayamba kumva kupweteka, ndipite naye kuti? Makina anamulozera chipatala chakale cha tsidya la mtsinje, chimene chinatsekedwa madzi atakokolola mlatho. Tsamba la chipatala chatsopano linali limodzi mwa osowa aja. "Mayo ine!" anakuwa. "Titumiza anthu kukaberekera pabwinja!"

Ganizani ndiye anali mwini batani lotulutsira kaundula. Lachisanu alendo anadzaza, mpunga ukununkhira, ndipo mayi Nachisale anati, "Dina, mwana wanga. Masamba osowawo tikonza Lolemba." Ganizani anakhalira manja ake onse awiri. "Mayi, ndichotseni ntchito ngati mukufuna, koma chala changa sichidina." Ndipo sanadinedi. Alendo anadya mpunga wopanda chifukwa n'kumapita, ndipo kaundula anatuluka Lachiwiri atakonzedwa.

Patangopita sabata, bambo Kachingwe, wakabaza amene anali atangosamukira ku Mwalawanjuchi, anaona mkazi wake Nangondo atagwira m'chiuno m'mawa, tsiku lisanakwane. Njira sankazidziwa. Anafunsa pafoni, makina anamulozera chipatala chatsopano, ndipo anapalasa njinga ngati wathawa njuchi. Mwana wamkazi anabadwa atangolowa pakhomo, mchombo utamuzinga m'khosi. Anamwino anati akanasochera ola limodzi, bwenzi nkhani ili ina.

Mwana atatuluka m'chikuta, banja lonse linafika ndi nthungululu kuofesi kwa mayi Nachisale kudzathokoza. Mayi Nachisale, poti anali munthu woona, anaulula zonse, ngakhale za mpunga uja, ndipo anthu anaseka mpaka kugwetsa misozi. Kenako bambo Kachingwe anavula chipewa. "Mwanayu alibe dzina. Amene anamupulumutsa ndiye amutche."

"Ndikanapanda kuwerenga, ndani akanadziwa kuti pali chosowa?" anatero Lonjezo.

"Achimwene, inu munaona nambala," anayankha Tiyanjane. "Ine ndinaona mayi panjira."

Ganizani anangokweza chala chake m'mwamba. "Achimwene, achemwali, nonse munaona bwino. Koma ichi chikanadina, kuona kwanuko kukanathandiza yani?"

Mayi Nachisale anayesa kunyengerera kuti aliyense apereke lake, mayina akhale atatu. Nangondo anakana ali kuseka. "Ayi mayi, mwana wanga si minibasi yoti ilembedwe kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Dzina ndi limodzi."

Ine ndinaliko tsiku limenelo, ndipo ndinakondwa kwambiri, koma mlandu unandikanika. Mwana uja akuyamwa, akunenepa, ndipo mpaka lero akungotchedwa Khanda. Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, weruzani: amutche dzina ndani, Lonjezo amene anaona kuti pasowa kanthu, Tiyanjane amene anadziwa kuti kanthuko ndi moyo wa munthu, kapena Ganizani amene anakana kudina?