Gadiyani wa Mwatitha

Kalekale, koma osati kale la makolo ayi, kale lomweli la mafoni ojambula, pa tiredingi ina ya m'mbali mwa msewu wa tala panali mayi wokazinga mandasi dzina lake Mwatitha. Mandasi ake inu! Madalaivala ankaimika basi yodzaza anthu kuti agule. Mwatitha anali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, anthu atatopa naye kumufunsa za banja, pamene Lufeyo wowotcherera zitsulo anamufunsira. Chinkhoswe anachiika Loweruka. Mkulu wake wa Mwatitha, Esinati, anamuluka tsitsi masiku awiri athunthu, timizere ting'onoting'ono, mpaka zala zinatupa.

Ine sindikonda za anthu, mukundidziwa. Koma za Lachitatu lake masana ndinena.

Mafuta akuwira m'chiwaya, Mwatitha anakuwa kamodzi, thupi lonse gwa, n'kugwera pambaula. Chitenje chinagwira moto. Anayamba kuphupha, thovu likutuluka kukamwa.

"Khunyu! Thawani, malovuwo akakukhudzani mwatenga!" anakuwa wina.

Msika wonse unabalalika. Anthu oti m'mawa womwewo amamutcha asisi anaima patali, manja kumutu.

Lufeyo yekha ndiye anadumpha mabenchi kuchokera kushedi kwake. Anamukoka pamoto, n'kuzimitsa chitenje ndi manja ake enieni mpaka zikhato zinasupuka. Akanachedwa pang'ono, chiwaya chonse chikanamukhuthukira kumaso. Koma atatero anatola supuni ya shuga n'kuikankhira m'kamwa mwa Mwatitha, ati asameze lilime. Mano awiri akutsogolo anathyoka.

Nasuluma, wogulitsa tomato pabenchi loyandikana, sanathawe. Sanathandizenso. Anatulutsa foni n'kujambula zonse, kuyambira kugwa mpaka kudzidzimuka. Dzuwa lisanapendeke, vidiyo inali itafika pagulu la pafoni la amayi a pamsika, la kwaya, mpaka kwa amalume ake a Lufeyo. Amalumewo anatumiza mawu: "Timve kaye za kuchipatala. Ngati ndi khunyu, chinkhoswe chiime."

Esinati ndiye anathamanga naye kuchipatala cha pafupi, kumene anamanga zilonda n'kuwapatsa kalata yopita kuchipatala chachikulu mumzinda Lachisanu, kuti akamuyeze ubongo ndi makina. Anawauza kuti tsitsi limasulidwe, lichapidwe, lisadzoledwe mafuta.

"Achemwali, sindimasula," anatero Mwatitha. "Mano apita, tsitsinso lipite? Loweruka ndikaima bwanji pamaso pa anthu?"

Esinati anamukhazika pamkeka, n'kumasula yekha ntchito yake ya masiku awiri, mzere ndi mzere, misozi ikugwera m'tsitsi momwemo.

Lachisanu m'mawa anakwera minibasi atatu: Mwatitha, Esinati ndi Lufeyo, manja ali m'mabandeji. Atacheuka, kumpando wakumbuyo kuli Nasuluma! Ati akukaona msuweni wake wodwala. Msuweni uti? Ankafuna nkhani ameneyo, aimve yotentha.

Kuchipatala anamugoneka Mwatitha pabedi, n'kumumata timawaya tambirimbiri pamutu ponse. Anamuuza kuti atseke maso, atsegule, apume mwamphamvu, kenaka anamuthwanimitsira nyali kumaso. Pakompyuta pankayenda timizere tokhotakhota, ati ndi mmene ubongo ukugwirira ntchito. Panja Lufeyo ankangoyendayenda. Esinati ankapemphera chamumtima.

Atawaitanira m'chipinda, adokotala, mayi wamagalasi wosathamanga polankhula, anati, "Mizere ili bwinobwino. Sitinaonepo chachilendo."

Esinati anadumpha. "Alamu, mwamva! Palibe kanthu! Imbirani amalume anu pompano!"

"Khalani pansi kaye, mayi," anatero adokotala. "Makinawa amaona za nthawi imene munthu wagona apayi basi. Ambiri a khunyu mizere yawo imatuluka yabwino ngati sanagwe nthawi imeneyo. Kukomoka kulinso mitundumitundu, ndipo mankhwala a khunyu sitingopereka. Ndikufuna amene anaona. Bambo, munaona chiyani?"

"Ine ndinaona moto basi, adokotala."

"Inu mayi, mng'ono wanuyu zinamuchitikirapo kale?"

Esinati anayang'ana Lufeyo, anayang'ana pansi. "Ayi. Koyamba. Mwina ndi njala, sanadye tsiku limenelo."

Mwatitha akagwa sakumbukira kanthu, ndipo zimene ankadziwa anaopa kunena pamaso pa mwamuna. Adokotala anayamba kulemba kuti abwerere kwawo, adzabwerenso zikadzachitika kachiwiri. Kwawo kumene, kuchiwaya cha mafuta chija!

Apo chitseko chinatseguka. Nasuluma, amene khutu linali pachitseko nthawi yonseyi, analowa foni ili m'mwamba.

"Pepani adokotala, ine sindinaitanidwe, koma onani izi."

"Tuluka, mfiti iwe!" anakuwa Esinati. "Sunakhute kutichititsa manyazi?"

Koma adokotala anali atalandira kale foni. Anaonera kawiri, akuwerenga mphindi. Nasuluma pakamwa posatseka: "Ndiponso si koyamba kudabwitsa ameneyu. Mwezi watha anangoti maso tong'o, akutafuna pakamwa popanda kanthu, ndikumuitana osayankha. Kawiri konse. Ine ndimakhala naye pafupi, palibe chimandiphonya."

Adokotala anavula magalasi n'kumuyang'ana Esinati. Esinati anagwada n'kuulula.

"Zinayamba zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, mayi athu atangomwalira. Akagwa ndinkatseka chitseko, kumugoneka chammbali, kumupukuta, kumusintha zovala. Palibe anadziwa. Ndinkati akadziwa anthu, adzagula ndani mandasi ake? Adzamukwatira ndani?"

"Zaka zonsezo kuchipatala osabwera naye?"

"Kuchipatala kwathu kumakhala anthu otidziwa, adokotala."

Kenaka adokotala ananena mosabisa kuti ndi khunyu. Si matenda opatsirana, si ufiti, ndipo ambiri amasiya kugwa akamamwa mankhwala tsiku lililonse osadumphitsa. Koma pamoto asakhale yekha. Akagwa, kumugoneka chammbali ngati mmene ankachitira Esinati, ndipo m'kamwa osaikamo kanthu kalikonse.

Lufeyo anaimirira. "Amalume anene zonena zawo, ine mkaziyu ndimukwatira." Mwatitha analira. Koma Lufeyo poweramira kuti amugwire paphewa, m'thumba la shati yake munagwa supuni, ngwee pasimenti! Anali atayenda nayo kuchokera kunyumba.

"Bambo, mwamva zimene anena adokotala?" anafunsa anamwino.

"Ndamva, asisitala. Koma kwathu timatero. Lilime likapita kukhosi, inu mudzakhala muli kuno." Anaitola n'kuibwezera m'thumba.

Anamwino anapukusa mutu, natsegula buku la kuchipatala la Mwatitha. "Mayi, apa tilembe gadiyani mmodzi. Woti azionetsetsa kuti mwamwa mankhwala, azikuperekezani mwezi ndi mwezi, azitiuza zoona mukagwa. Tikafuna kuimba foni tiimbira iyeyo. Mmodzi, osati msonkhano."

"Lembani ine," anatero Lufeyo, akukweza mabandeji. "Onse atathawa, analowa pamoto ndani?"

"Lembani ine," anatero Esinati. "Zaka khumi ndi chimodzi ndamusamala, sanathyokepo ngakhale dzino. Koma mankhwalawo tizidzatengera konkuno, asisitala, kwathu anthu angatione pamzere."

"Inu, musandiseketse," anatero Nasuluma. "Popanda foni yangayi bwenzi pano muli pa depoti, mukuimba nyimbo za chinkhoswe, mawa lake munthu ali m'mafuta. Amakhala naye ndani kuyambira m'mawa mpaka madzulo? Ndipo ine sindinamizapo dokotala."

Ankanena zoona mayi ameneyu. Koma akulankhula choncho, chala chinali pafoni, ndipo uthenga unali utapita kale kwa amayi a pamsika: "Atsimikiza, ndi khunyu." Foni ya Lufeyo inayamba kulira m'thumba. Amalume.

Mwatitha anakhala pabenchi, tsitsi lili nyankhalala, guluu wa timawaya akadali m'mutu, lilime likufufuza pamene panali mano. Anayang'ana mwamuna amene anamupulumutsa pamoto koma supuni sakuisiya. Anayang'ana mchemwali wake amene anamusamala ndi manja odziwa koma anamubisa mpaka kunamiza dokotala. Anayang'ana mnzake amene anamupezetsa mankhwala koma wamugulitsa kwa anthu onse. Anamwino cholembera chili m'mwamba, kunja odwala ena akugogoda.

Ine ndanena zanga, tsopano nenani inuyo. Mukanakhala Mwatitha, moyo wanu uli m'manja mwa dzina limodzi, mukanauza anamwino kuti alembe ndani?