Kanjedza wa Nangondo

Kalekale, katundu wa kumudzi akuyendabe pa ngolo, kunali mayi wina dzina lake Nangondo, amene anakwatiwa ku chitengwa, kwawo kwa mwamuna. Mwamunayo, Yotamu, ankasamala maluwa ku esiteti ya tiyi. Chaka chimene anakwatirana anabwera ndi kamtengo m'chitini, kanjedza wamfupi uja wa masamba olimba ngati chipeso, amene amakula mochita kunyinyirika. Anabzala pakhomo. Pabanjapo mwana sanaoneke, ndiye chimene awiriwa analera mpaka imvi ndi mtengowo, Yotamu kudulira masamba ouma, Nangondo kusesa patsinde. Thunthu linanenepa ngati mtondo. Anthu ankawaseka kuti mwana wawo ndi ameneyo, iwo osakana.

Yotamu atamwalira, abale ake anachita zija mukuzidziwa. Misozi isanaume njinga yapita, mbuzi zapita, ngakhale bulangete limene ankafunda akudwala, wina analipinda n'kuliika kukhwapa losachapa. Ine ndikafika apa pokamba ndimafuna kulavula. Atamusudzula kuti azipita kwawo, Nangondo sanalimbane nawo. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti kanjedzayo apite naye.

Woyamba kuthandiza anali Zakeyu, mlamu wake wamkulu. Musaganize kuti chinali chifundo, munthuyo ankafuna malowo kuti amangepo okala, kagolosale kake. Komabe anzake akuti angogwetsa n'kutentha, iye ndi amene anakana, natenga khasu. Anakumba yekha dzuwa la Okutobala likumuwamba pamsana. Mizu itayamba kumuvuta anaitanitsa nkhwangwa n'kuidula pafupi penipeni ndi thunthu, kenaka n'kuyamba kugogoda tsinde ndi mpini kuti dothi liyoyoke, ngati akukumba chinangwa. Nangondo anayesa kunena chapansipansi kuti malemu ankati mtengo wotere umasamuka ndi dothi lake.

"Alamu," anatero Zakeyu osadzutsa n'komwe mutu, "mwapempha mtengo. Dothili ndi lathu."

Wachiwiri anali Tebulo, msuweni wa malemu, mwini ngolo. Ena onse okhala ndi ngolo anazemba, koma iye anabwera yekha osaitanidwa, ndipo sanafune kanthu. Apo tisamunamizire. Koma pokweza chimtengo cholemeracho anamanga tcheni pakhosi pake penipeni, pamene pamatulukira masamba anthete, n'kukwapula ng'ombe kuti zikoke. Panamveka kuti tswa, iye n'kuti palibe kanthu. Ali pakati pa ulendo mphuno yake inagwira fungo la masese pamudzi wina. Ng'ombe anazimasula n'kukazimanga pamthunzi, mtengo n'kuusiya padzuwa mizu ili pamtunda, iye n'kulowera kumowa. Nangondo anavula chitenje chapamwamba n'kufunditsa mizuyo, nakhala pomwepo mpaka dzuwa kupendeka, zidakwa zikubwera kudzakodza pa tayala la ngolo iye ali pompo. Anangoyang'ana kumbali.

Wachitatu anali Malizani, mlongo wake wa Nangondo, amene anamulandira kwawo ndi misozi. Ameneyu ndiye anali munthu. Anali katswiri wa nthochi, mudzi wonse unkakagula mbewu kwa iye, ndipo chilichonse cha masamba aakulu kwa iye chinali nthochi basi. Anakumba dzenje lofika m'chiuno, nathiramo manyowa a mbuzi osaumira, n'kukwirira thunthu mpaka pakhosi kuti mphepo isagwetse. Anaumba mkombero wosunga madzi. M'mawa ndowa, madzulo ndowa, kuchokera nazo kuchitsime yekha, ndipo anauza mkazi wake kuti madzi onse otsukira mbale azikathiridwa pamenepo.

Nangondo ankadziwa kuti si mmene zimakhalira. Yotamu ankanena kawirikawiri kuti mtengowu umadana ndi matope, thunthu lake limafuna mphepo, madzi ndi apo ndi apo. Koma ukamuuza bwanji munthu yekhayo amene wakuchitira zabwino, amenenso ukudya pakhomo pake? Tsiku lina anatsegula pakamwa ndithu kuti anene. Ataona mlongo wake akutula ndowa thukuta lili kamukamu, mawu anabwerera.

"Zikomo achimwene," ndi zimene zinatuluka.

Masamba anayamba chikasu. Nangondo anadzitonthoza kuti mtengo wotere ukasamutsidwa umayamba wanyanyala, udzatulutsa ena. M'mawa uliwonse ankasuzumira pamutu pake kufuna kuona kansonga katsopano. Mvula inagwa, mkombero uja unasanduka chithaphwi. Kenaka pakhomo panayamba kafungo, mkazi wa Malizani n'kumafunafuna khoswe wakufa kuseri kwa nkhokwe.

Ndiye tamvani manyazi kusowa kwake. Zakeyu anamva kuti anthu a m'tauni amailimbirana mitengo imeneyi, kuikongoletsera mageti awo. Anatulukira ndi Tebulo ndi ngolo yomwe ija, ati adzatenge katundu wa malemu amene anachoka molakwika. Moni anapereka wachidule. Anapita pamtengo n'kugwira masamba kuti aone pomanga tcheni, ndipo masamba onse anazuka n'kumutsalira m'manja. Pofuna kudzigwira kuti asagwe anatsamira pamutu pa thunthu, dzanja n'kulowa phwa mpaka m'kasukusuku. Linatuluka lili ndi phala lakuda, mphutsi zikuyenda m'zala. Fungo lake! Tebulo, munthu wopirira masese a dzana, anathamangira kuseri kwa ngolo kukasanza.

Nangondo sanatseke mphuno. Anakhala pansi pamatope pomwepo, nakumbatira mutu wa thunthu lowolalo n'kuyamba kulira maliro, kutchula dzina la mwamuna wake.

Amuna atatuwo sanadikire n'komwe kuti atonthole. Zakeyu, akupukuta dzanja pa udzu, anati iye anapereka mtengo wamoyo, pakanapanda iye bwenzi uli phulusa, waupha ndi wa tcheni. Tebulo anati pa ngolo yake unatsika masamba ali obiriwira, anthu anaona, ndipo iye ndi amene anausenza ena atakana, waupha ndi amene anaumiza m'chithaphwi. Malizani, misozi ili mbwembwembwe, anati anamubweretsera chinthu chopanda mizu, chothyoka khosi, chowambidwa padzuwa, ndipo iye anachichitira zonse zimene amachitira mbewu imene amaikonda. Kenaka anatembenukira kwa mlongo wake.

"Achemwali, inu munakhala nawo mtengowu moyo wanu wonse. Ngati ndinkalakwitsa, bwanji simunandiuze?"

Nangondo anangoyang'ana manja ake odzaza zowola.

Ine ndawatula kwa inu anthu anayiwa, chifukwa ndikaweruza ndekha ndikhoza kutukwana. Wina anadula mizu mwaumbombo, wina anathyola khosi n'kukamwa mowa, wina anathira madzi mwachikondi, ndipo mwini wake anaona zonse n'kumangothokoza. Tandiuzani, anapha kanjedza wa Nangondo ndani?