Dzenje Lofika m'Bondo

Kuseri kwa galaja ya makaniko wina kunali malo amene kwa zaka khumi ankatayirapo oyilo wakutha. Dothi lake linali lakuda bii, ndipo ngakhale udzu unkapakana. Koma mkazi wake anali ndi mbande za malalanje makumi atatu, zofesa yekha m'timapepala, ndipo malo owokera analipo okhawo.

Mng'ono wa mkaziyo, yemwe ankagwira ntchito yoyeza nthaka, anawauza kuti athirepo manyowa ndi utuchi kuti tizilombo tosaoneka ndi maso tidye oyiloyo. Loweruka lililonse makaniko ankatembenuza dothilo ndi khasu. Patatha miyezi isanu fungo linatha, udzu n'kuyamba kusuzumira.

"Basi pachira apa," anatero makaniko.

"Mphuno imanama, alamu," anayankha woyeza nthaka uja. "Mukumbe malo asanu, dzenje lofika m'bondo, munditapire dothi lapansi. Ndikaikamo nyongolotsi ndi nyemba. Nyongolotsi zikakhala moyo masabata awiri, nyemba n'kumera, muwokere."

"Ndiye kuti nyongolotsi zanuzo n'zophunzira kuposa ine?"

"Kuposa inuyo si nkhani yovuta."

M'mawa mwake makaniko anakumba dzenje loyamba. Lisanafike n'komwe pakatumba, khasu linatuluka likunyezimira, fungo lakale lija n'kumuwomba m'mphuno. Msana unali utatopa ndi khasu, komanso manyazi anamugwira, poti oyiloyo anataya ndi manja ake. Anakwirira dzenjelo, napala dothi lokongola lapamwamba n'kudzaza matumba asanu. Mumtima anati zotsalazo imaliza ndi mvula.

Nyongolotsi zinakhala moyo, nyemba zinamera, ndipo mkazi wake anawokera mbande zonse tsiku limodzi akuimba. Miyezi iwiri zinasangalala. Wachitatu masamba anayamba chikasu, n'kumayoyoka mtengo ndi mtengo.

"Kapena ndinachulutsa madzi?" mkaziyo ankadzifunsa, atanjuta pamzere. "Manja angawa ndi oipa."

Mawu amenewo ndi amene ankamulasa makaniko, koma anapitiriza kubisa zimene anachita.

Mlamu wake atabwera anazula kamtengo kamodzi. Mizu inali yakuda, yoterera. Anainunkhiza, kenako anayang'ana makaniko.

"Alamu, dzenje lija linafika m'bondo la ndani? La nkhuku?"

Palibe anaseka. Makaniko anaulula zonse maso ali pansi. Mkazi wake sanakalipe. Anangosasa dothi m'manja n'kunena motsitsa: "Bambo a kunyumba, mukanandiuza ndikanadikira chaka china. Mbande zimadikira m'mapepala. Zakufa ndiye sizidikira kanthu."

Loweruka lotsatira makaniko anatenganso khasu, ulendo uno akukumba mpaka pamene fungo linabisala. Nthaka inali itavala malaya atsopano chilonda chikadali mkati, ndipo iye anapimitsa malayawo. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.