Zibakera ziwiri za a Latifu

A Latifu a ku Liwaladzi anapusitsa akazi awo onse awiri, ndipo anawapusitsira pa mbale yodyera.

Zinayamba ndi bala la mbedza kuphazi, losapola. Kuchipatala anesi a Liness sanabise mawu: "Bambo, uyu ndi shuga. Kondowole azikula ngati chibakera chanu, nsomba ngati chikhatho, kotsalako masamba. Mukachita makani, phazi ili mudzalisiya kuno."

Asiyatu, mkazi wamkulu, anabwerako ngati wapatsidwa udindo ndi boma. Anagwira dzanja la mwamuna wake, kulifumbatitsa, kuyeza. Chigwada chinasinjidwa, bonongwe anathyoledwa. Ngakhale tiyi wopanda shuga nayenso ankamwa, nkhope ili tsinya, kuti bamboyo asavutike okha.

"Mayi a Nasiru, dokotala wanga ndinu," ankatero a Latifu kwa Asiyatu posamba m'manja. "Kwa mkazi mnzanu Bushra uko ndimangomwako madzi."

Mayiyo mtima unkachita kuvina. Anayendera anzake onse akuwaonetsa kambale kake kakang'ono: "Mwamuna ndimuchiritsa ndekha, muona!"

Koma phazi linkangotupirabe, mpaka Lachisanu lina bamboyo anagwa khu! pakhomo pa mzikiti.

Pambali pa bedi la kuchipatala akazi awiri aja anakumana, aliyense ndi kabakuli kake ka chakudya. Asiyatu anayaka moto. "Iwe Bushra, ukundiphera mwamuna ndi mapoto ako!"

Bushra, mkazi wamng'ono, anavundukula kake. Munali chibakera chimodzi chokha, masamba tho. "Akulu, inetu ndimayeza! Amandiuza kuti kwa inu amangomwako madzi."

Onse anatembenukira kubedi. Zinatuluka zonse: bamboyo ankadya masana kawiri, madzulo kawiri, pakati apo mandasi ndi tiyi wa shuga kudoko.

"Nanga munthu ali ndi zibakera zingati?" anang'ung'udza a Latifu. "Si ziwiri?"

Wodi yonse inafa ndi phwete. Asiyatu yekha sanaseke, poti anaona dokotala akuyang'ana phazi lakuda bii, akupukusa mutu. Analidula sabata yomweyo. Lero bwato la a Latifu akupalasa ndi ena, iwo ali pakhonde, akudyera m'kambale komwe kaja.

Akulu ananena: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ine mwamuna wanga ndinamuika m'manda chifukwa cha bodza lomweli. Tsono inu azibambo odya uku ndi uku, tandiyankhani: mumapusitsa wophika, kapena phazi lanu?