Chitseko cha Nazimbiri

Miyambi nayo ili ndi kwawo, ana inu. Uwu unabadwira m'nyumba ya lendi, pa boma lina laling'ono, masiku amene denga la malata linali chinthu chodzitama nacho.

Kunali mayi wina wamasiye, telala, dzina lake Nazimbiri. Atakapempha nyumba kwa a Kachingwe, eni golosale ndi nyumba zingapo za lendi, anauzidwa kuti apereke kaye chikole. Ndalama analibe, choncho anapereka makina ake osokera. Masana ankasoka pakhonde la golosale, madzulo makinawo ankatsekeredwa m'kati. Pangano linali lomveka: chikawonongeka china m'nyumbamo, makina agulitsidwa, a Kachingwe achotsepo zokonzera, zotsala n'zake. Ndipo mkuluyu pa za nyumba zake sankaseka. Ankadziwa ndi msomali womwe.

Tsono a Kachingwe anali ndi muphwa wawo, mwana wa mlongo wawo, dzina lake Sinoya. Paja kwathu kuno mwana wa mlongo ndiye mlowam'malo wa malume. Mwambo umenewu Sinoya ankaudziwa bwino kuposa mpini wa khasu.

Tsiku lina masana, Nazimbiri atapita kunyumba kukaphikira ana, Sinoya anatulukira atakhuta kachasu.

"Mayi, lendi ya mwezi uno mupereke kwa ine," anatero. "Nyumbazi n'zanga kale, malume akungondisungira."

Nazimbiri anakokera ana m'nyumba n'kukhoma chitseko. Sinoya anachiponda mpaka chinang'ambika pakati, kenako anaswa galasi la pawindo ndi mwala. Pochoka anasuzumira pobowokapo.

"Mukangondinenera kwa malume, muona chomwe chidameta nkhanga mpala."

Mayiyo anayamba kusinkhasinkha. Akanena, Sinoya amudikirira panjira ya kumadzi, komanso ndani angasiye magazi ake n'kukhulupirira wobwera? Akakhala chete, makina apita, ndipo makinawo ndiwo ankadyetsa ana. Anakafunsa kalipentala mtengo wa chitseko, ataumva anangogwira pakamwa. Basi anachimanga ndi waya, pawindo n'kukolekapo chitenje. Mantha sanamuchoke. Pakhonde paja ankasoka zokhotakhota, ndipo a Kachingwe akangotsokomola m'golosale, iye singano inkamubaya chala. Anthu oyandikana naye anaona zonse, koma nawonso ankachita lendi kwa mkulu yemweyo, ndiye aliyense anasunga pakamwa pake.

Kumapeto kwa mwezi a Kachingwe anabwera kudzayendera nyumba monga mwa chizolowezi chawo, ndodo ili m'manja. Ataona chitseko, nkhope inagwa.

"Kodi muno mumasungamo ng'ombe, mayi? Makina aja atsanzikeni. Ndipo wachita izi, kaya ndi bwenzi lanu kaya ndani, akagona kupolisi. Mutchuleni!"

Mkuluyo analowa m'nyumba n'kuyamba kugogoda makoma ndi ndodo kufuna zina zowonongeka. Pakona panali mkhate, mphika waukulu wadothi umene anaumba malemu mayi awo a Kachingwe, ndipo mkuluyo anausiya m'nyumbamo chifukwa ankaopa kuti poutulutsa ungasweke. Phokoso lija linadzidzimutsa khoswe. Anathamanga m'mbali mwa khoma, nakwera pamkhatepo, n'kukhala ngati wachita kuitanidwa. A Kachingwe anakweza ndodo, koma dzanja linaima m'malere.

"Menyani, bambo," anatero Nazimbiri.

"Ndimenye bwanji? Ndiswa mkhate wa mayi anga."

"Wothyola chitsekoyo nayenso wakhala pa mkhate wa mayi anu. Ndi a Sinoya."

Nazimbiri anatsinzina, kudikira kuti ndodo ija imutsikire. Inatsikadi, koma pang'onopang'ono, mpaka nsonga inagunda pansi. Khoswe anadumpha n'kupita ku za iye. Mkulu uja atalankhula, mawu anali ang'ono ngati si iye amakuwa posachedwapa.

"Makina anu palibe awakhudze. Chitseko ndikonzetsa ndekha. Koma wofunsa muzimuuza kuti inali mphepo."

Mphepo yoponya mwala, ana inu! A Kachingwe anali asanaikepo padera ngakhale kangachepe ka zokonzera nyumba, poti ankadalira zikole za anthu. Ulendo uno panalibe womudula chikole, moti anagulitsa njinga yawo kuti alipire kalipentala. Za kupolisi sizinamvekenso. Sinoya ankadutsabe pakhomopo akuimba mluzu, ndipo Nazimbiri ankakhoma chitseko chatsopanocho ngakhale dzuwa lili pamutu.

Anzake a lendi, amene anamvera zonse kuseri kwa khoma, ndiwo anayamba kunong'onezana mawu aja mpaka anasanduka mwambi wakuti: Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Tanthauzo lake n'lakuti wolakwa akakhala m'bale wa woweruza, chilango chimavuta, chifukwa pomenya iyeyo uswa ndi chako chomwe. Woweruzayo amatsitsa ndodo n'kulipira yekha, koma wolakwiridwa ndiye amatsala akukhala mwamantha.