Chala cha Faniwelo mu Utuchi

Makina ochekera matabwa atadula chala chachikulu cha Faniwelo, mwini malowo, bwana Kachingwe, anaopa kulipira chipukuta misozi. M'mawa mwake anamuitana.

"Mkulu wa ku ofesi ya zantchito akubwera lero. Saina apa kuti unadzitema wekha ndi nkhwangwa kunyumba. Ukakana, ntchito yatha."

"Ndingakane bwanji, bwana?" anatero Faniwelo. "Kungoti ine kulemba sindidziwa, ndimadinda. Ndipo chala chomwe ndinadinda polowa ntchito ndi chimene chapitachi. Ndikadinda china, abomawo akafananiza adzati pepalali ndi labodza."

Kachingwe anakanda mutu. "Ndiye chili kuti?"

"Pomwe chinagwera, bwana."

Kachingwe anavula jekete, n'kukwawira kunsi kwa makina, n'kuyamba kupalasa utuchi ngati nkhuku. Mkulu uja atafika, Faniwelo anamulandira pageti n'kumuperekeza komweko.

"Ndachipeza!" anakuwa Kachingwe akutuluka, utuchi uli mbuu mpaka m'nsidze, chala atachikweza m'mwamba.

"Mwapeza chiyani, bambo?" anafunsa mlendoyo.



"Ndi chala changa," anayankha Faniwelo mwaulemu. "Chija chinadukira kunyumba."