Malaya a Achimimba

Panali mayi wina telala amene makina ake osokera ankakhala pakhonde, moyang'ana msewu. Anthu ankangowatcha Anasingano, chifukwa singano sinkachoka pakamwa pawo. Ngakhale pokalipa ankakalipa atailuma, mawu n'kumatulukira mbali imodzi ngati nthunzi ya m'ketulo.

Amuna awo anali dalaivala wa basi, bambo wa thupi lake, woti mimba inkayamba kulowa m'nyumba mwini wake akadali pageti. Dzina loti Achimimba silinachite kufunidwa ndi nyali. Anasingano akamawayeza thalauza ankadandaula kuti tepi yatha munthu asanathe.

"Si mimba iyi, mayi," ankatero bamboyo akuisisita. "Ndi umboni woti ndinakwatira bwino."

Mwana anali mmodzi yekha, wamkazi. Ali wamng'ono ankakhala kumbuyo kwa bambo ake m'basi n'kumakuwira akuluakulu kuti asunthe, ndiye bambo ake anamutcha Kondakitala, dzina n'kumukanirira mpaka kukula. Tsopano anali kudziko lakutali, kumene anapeza ntchito atakhala zaka zambiri akungowotha dzuwa pakhomo. Loweruka lililonse masana ankaimba foni yoonana nkhope.

Zinayamba ngati nthabwala. Lamba anayamba kukhwepa. Kenako Achimimba anayamba kusiya chakudya m'mbale, chinthu chimene sichinaonekepo chikwatiranire. Kuchipatala anawayeza magazi, kuwajambula, kuwadula kanyama kokayeza. Tsiku lomva zotsatira, dokotala anayamba watseka chitseko asanalankhule.

"Ndi khansa ya m'matumbo, ndipo yayenda kale," anatero dokotala. "Mankhwala tiyamba, koma abale adziwe. Matenda awa si a munthu mmodzi."

Atatuluka anakhala pabenchi, bamboyo chipewa chili m'manja.

"Mwana uja timuuza bwanji?"

"Sitimuuza," anatero Anasingano. "Wangoyamba kumene kupuma. Mumamudziwa mwana wanu, akangomva asiya zonse n'kukwera ndege ndi silipasi kuphazi. Landirani mankhwala, muchire. Adzamva ikadzasanduka nkhani yoseka."

"Nanga akandiona pafoni?"

"Zimenezo ndisiyireni. Ine amene ndabisa mimba za ana a eni m'madiresi aukwati, ndilephere kubisa mimba yosowa?"

Achimimba anaseka mpaka kutsokomola, ndipo kuseka kumeneko mayiyo anakutenga ngati kuvomera.

Mankhwala ake anali a m'diripi. Chipinda chinali chachitali, mipando yotsamira ili ndandanda kukhoma, aliyense ndi chitsulo chake chopachikapo botolo. Tsiku loyamba Achimimba anayang'ana uku ndi uku n'kunena kuti, "Yadzaza iyi, tinyamuke!" Odwala anaseka, ngakhale amene analibe mphamvu yosekera. Koma kunyumba kunalibe choseketsa. Beseni linasamukira pansi pa bedi. M'kamwa munatuluka zilonda, fungo la mafuta ophikira linkawatulutsa m'nyumba, tsitsi linkatsalira papilo. Munthu uja anayamba kusungunuka ngati sopo woiwalika m'madzi.

Apa ndi pamene Anasingano anaonetsa luso lawo, luso loti likanakhala la chinthu china tikanaliombera m'manja. Wodwala akagona masana, ankatenga malaya ake, kuphwasula msoko, kudula, kubweza. Kolala ankaichepetsa kuti khosi lisamaoneke ngati mpini wa tsache mu ndowa. M'mapewa a jekete anasokeramo siponji, ndipo kutsogolo anaikako kapilo kopyapyala. Likafika Loweruka ankawaveka amuna awo ngati mkwati, kuwakhazika kutali ndi zenera, foni n'kuitsamiritsa pa botolo la mabatani chapatali ndithu.

"Ababa, chipewa m'nyumba? Mwayambiranso unyamata?"

"Dazi, Kondakitala wanga, dazi. Amayi akowa andimaliza tsitsi ndi kulongolola."

Mwana ankaseka mpaka kugwetsa foni. Ikangozima, bambo ankapendekera kumbali, thukuta lili chuchuchu, ndipo mayi ankawavula jekete mwakachetechete, osayang'anana m'maso.

Amene ankathandiza kudwazika anali mlongo wawo wa Achimimba, azakhali ake a mwanayo. Tsiku lina akusesa pakhonde anatola zidutswa za nsalu pansi pa makina, n'kuzizindikira.

"Alamu, zonsezi zachoka m'malaya a achimwene?"

"Ndikungokonza."

"Mukukonza chiyani? Munthu akutha, inu mukumutsatira pambuyo ndi sizasi. Mwana wanu kumene aliko ntchito yake n'kusambitsa ndi kudyetsa nkhalamba za eni ake, bambo ake omubala akusanzira m'beseni. Si khanda ameneyo. Muuzeni, asankhe yekha."

Anasingano anachotsa singano pakamwa, chizindikiro choti zafika poipa.

"Mwana ndinabereka ndine, alamu. Mukangomuimbira, pakhomo pano musadzapondenso."

Mlamuyo anapitiriza kusesa. Akanathamangitsidwa, ndani akanathandiza kutembenuza mchimwene wake pabedi?

Mwayi umabwera, koma sugogoda kawiri pakhomo la munthu wamakani. Loweruka lina Kondakitala anaimba nkhope ili mwee.

"Amayi, andipatsa tchuthi! Akuti ndisankhe, mwezi wamawa kapena kumapeto kwa chaka. Chakumapetocho n'chotalikirapo. Ndibwere liti?"

Achimimba anatsegula pakamwa, koma phazi la akazi awo linawaponda pansi pa tebulo. Mayiyo anayang'ana manja a amuna awo, mafupa okhaokha, n'kuganiza kuti mwezi wamawa mwana adzapeza chiyani? Koma kumapeto kwa chaka mankhwala adzakhala atatha, thupi litabwerera, mwina ndi kamimba komwe.

"Chakumapeto, mwana wanga. Kuno kulibe chothamangira."

Foni itazima, bamboyo anatembenukira kwa akazi awo.

"Mayi, mwandiponda phazi," anatero, dzanja lili pachifuwa, "koma pamene papweteka ndi apa."

Sipanapite nthawi, dokotala anatsekanso chitseko chija. Mankhwala sankagwiranso. Chotsala chinali kungochepetsa ululu, wodwala akhale kunyumba pakati pa anthu ake. Anasingano anamva, ndipo mumtima anavomera kuti mwana auzidwe. Koma bodza lili ngati msoko wokhota: ukaupitiriza mpaka kumpendero, kuphwasula kwake kumafuna mtima. Tsopano sikunalinso kungonena kuti bambo ako akudwala, kunali kunenanso kuti miyezi yonseyi ndakhala ndikukuonetsa siponji. Ankatenga foni, kuiyang'ana, kuibwezera m'thumba. Jekete itakanika kubwezeka, anauza mwana kuti kamera ya foni yafa, azingolankhulana mawu. Mawu a bambo atayamba kuzilala, anati ali ndi chimfine.

Madzulo ena dzuwa lisanalowe, akuwapukuta kumaso, Achimimba anawagwira mkono. Dzanja lija linali lopepuka ngati tsamba louma.

"Mayi, injini yalira. Ndiitanireni Kondakitala wanga."

"Mawa, bambo. Lero mwatopa, mungamuopseze mwana. Mawa mukadzuka ndi mphamvu timuimbira limodzi."

Bamboyo sanatsutse. Anangotembenukira kukhoma.

M'mawa mwake mlongo wawo akuwamwetsa madzi ndi supuni, madziwo anangotsikira m'mbali mwa mlomo. Achimimba anali atatsirizika. Mlongoyo analira mokweza, kulira kwa munthu amene wakhala akudziletsa miyezi yambiri, ndipo kulira kulibe chitseko. Oyandikana nawo anathamangira m'nyumba. Amene anaona anauza amene sanaone, mafoni anayamba kulira msewu wonse, mpaka madalaivala anzawo anamva ali pamsewu.

Anasingano anatuluka n'kukakhala pampando wa makina, foni ili m'manja, akufunafuna liwu loyambira. Ayambire pa imfa kapena pa matenda? Asanalipeze, foni inalira yokha.

"Amayi," anatero Kondakitala, "mnzanga amene ndinaphunzira naye wandiimbira, akuti pepa. Ndamufunsa kuti pepa wa chiyani, wadula foni. Amayi? Akulira kumbuyo kwanuko ndani?"

Anasingano anatsitsira foni pamiyendo. Mlamu wawo ndi amene analanda foni n'kunena.

Maliro anadikira mpaka mwana atafika. Analowa m'nyumba chikwama chikadali paphewa, anthu n'kumupatukira. Atamutsegulira bokosi anayang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenuka ngati munthu amene walowa nyumba yolakwika.

"Azakhali, awa ndani?"

 Anayang'ananso, n'kuzindikira chipsera cha pachibwano, ndipo anakomoka.

Atatsitsimuka sanakalipe, sanaponye chinthu. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangopita pamene panakhala amayi ake n'kugwada.

"Anadwala nthawi yaitali?"

"Yaitali, mwana wanga."

"Ankandifunsa?"

Anasingano anaona kuti kabodza kamodzi kokha kakanamupeputsa mwanayo. Koma ulusi unali utatha.

"Anakufunsa."

"Inu munati chiyani?"

"Ndinati mawa."

Kondakitala anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kudzuka. Pambali pa amayi ake panali malo, anthu anali atamusiyira dala. Iye anawadutsa n'kukakhala kutsidya la chipinda, mutu n'kuutsamiritsa paphewa la azakhali ake.

Mayi telala uja sanali woipa mtima, ayi. Ankafuna kumutchinga mwana wake ku dzuwa, koma anamutchingira ndi bambo ake omwe. Chimene ankaopa kunena ndi pakamwa pake chinakanenedwa ndi wodutsa m'njira, pa tsiku loti kunalibenso dzanja loligwira. Inu amene muli ndi wodwala kuchipinda ndipo pakhomo mukuyankha kuti tonse tili bwino, akuluakulu sanali oledzera pamene ankati: bisani matenda, maliro tidzamva.